Mabuku a chikondi amene sanandinamize

Uthengawo unalowa cha m'ma 11 koloko usiku, magetsi atathima, foni yanga itatsala pang'ono kuzima. Unachokera kwa msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene chinkhoswe chake chimayenera kuchitika mwezi wathawu koma sichinachitike. Zitenje za yunifolomu anthu anali atagula kale, ena atasoketsa n'kusoketsa. Kutatsala milungu itatu, mnyamata uja anangotumiza mawu kwa ankhoswe kuti akufuna aganize kaye.

"Asisi, muli maso? Ndiuzeni buku la chikondi loti ndiwerenge. Koma lisakhale lonama."

Ndinayamba ndaseka, kenako kuseka kuja kunandithera. Mwanayu amadziwa kuti ine ndi mabuku a chikondi ndi ponda apa nane mpondepo. Ndinawayamba ndili Fomu 2 kusukulu yogonera konko, tikuwerenga ndi katochi m'bulangete. Ambiri anali a Pacesetters, timabuku ting'onoting'ono ta olemba a muno mu Africa timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977. Timabukuto tinali takale kuposa ife, tina topanda chikuto, tina tothothoka masamba akumapeto, moti mathero tinkachita kupeka tokha. Nditafika kuyunivesite ndinayamba kuwabisa, chifukwa mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anandiuza kuti ndikuwononga ubongo ndi nkhani za atsikana. Panopa ndinasiya kubisa. Ndimawerenga ngakhale m'minibasi, chikuto chili poyera.

Ndiye ndinamvetsa zimene msuweni wanga ankatanthauza ponena kuti lonama. Alipo mabuku amene mwamuna wake amakhala mpondamatiki wopanda mayi, wopanda malume, wopanda mng'ono wofuna fizi. Mkazi akakwiya, amangomugulira maluwa, nkhani yatha. Ndi okoma ndithu, ngati switi, koma munthu amene mtima wake wasweka akawawerenga amangomva ngati akumunyogodola. Chikondi chimene ife timachidziwa chimakhala ndi lendi, chimakhala ndi azakhali, chimakhala ndi basi ya ku Joni. Buku losanama, kwa ine, ndi limene muli zinthu zitatu: ndalama, achibale, ndiponso mpata woti munthu anene kuti ayi. Nawa amene ndinamulembera usiku umenewo. Ndawasanja molingana ndi pamene mtima wanu uli panopa.

Ngati wapamtima wanu anapita kunja n'kungoti zii

Ndiyambe ndi langa, kuti musati ndikungolankhula za anzanga. Ndinali ndi chibwenzi cha zaka zitatu, tinayamba tili chaka chachiwiri kuyunivesite. Titamaliza, ntchito zinavuta monga mukudziwira, iye n'kukwera basi wa ku Cape Town. Miyezi yoyamba tinkaonana pavidiyo madzulo aliwonse. Kenako zinasanduka ma voice note. Kenako ankangowerenga osayankha. Kenako zii. Ine ndinagamula ndekha kuti wapeza wina, ndipo usiku uliwonse ndinkadzifunsa kuti ndinalakwa pati.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinawerenga Americanah, buku la Chimamanda Ngozi Adichie wa ku Nigeria limene linatuluka mu 2013. Ifemelu ndi Obinze amakondana kuyambira kusekondale ku Lagos mpaka kuyunivesite ya Nsukka. Masitalaka a aphunzitsi atanyanya, Ifemelu amapita ku America kukapitiriza sukulu, atagwirizana kuti mnzakeyo amutsatira. Kumeneko ntchito imasowa, lendi imakwana, ndipo tsiku lina amachita chinthu chomuchotsera ulemu kuti apeze madola 100. Kuchokera tsiku limenelo amasiya kuyankha Obinze. Sikuti wapeza wina. Manyazi ndi amene amutseka pakamwa. Obinze naye, atakanizidwa viza ya ku America, amakathera ku London kumene amatsuka zimbudzi n'kumagwira ntchito pa dzina la munthu wina, mpaka amamugwira n'kumubweza kwawo. Amadzakumananso ku Lagos patapita zaka zambiri, Obinze ali ndi chuma, mkazi ndi mwana.

Nditafika pamene Ifemelu akuyang'ana mauthenga a Obinze osatha kuwayankha, ndinatseka buku n'kukhala kaye phee. Patapita miyezi ndinamva kwa mlongo wake wa mnyamata uja kuti anakhala nthawi yaitali osapeza ntchito, akugona anthu ambirimbiri m'chipinda chimodzi, munthu wa digiri akutsuka magalimoto. Anasowa poyambira kundiuza. Sitinabwererane ayi. Tinadzalankhulana kamodzi, nthawi yaitali, n'kukhululukirana. Bukulo silinandibwezere munthu, koma linandichotsera funso lija loti ndinalakwa pati. Musandimve molakwa, si aliyense wotchona amene wakhala chete chifukwa cha manyazi, ena anapezadi ena. Koma ngati muli ndi wanu kunja, kapena inuyo ndi amene muli kunjako ndipo mukulephera kuyimba kumudzi, bukuli likudziwani. Ndi lalitali, masamba opitirira 400, koma limayenda.

Ngati munamvera malangizo n'kutaya munthu

Apa ndikupatsani buku la zaka zoposa 200, ndipo musathawe. Persuasion analemba ndi Jane Austen wa ku England, ndipo linatuluka kumapeto kwa 1817 mwini wake atamwalira kale. Anne Elliot ali ndi zaka 19 anatomeredwa ndi Frederick Wentworth, mnyamata wa m'gulu la asilikali a pamadzi, wanzeru koma wopanda kanthu m'thumba. Lady Russell, mnzawo wa malemu mayi ake, anamulangiza kuti athetse, poti mnyamatayo alibe tsogolo looneka. Anne anamvera. Nkhani imayamba patapita zaka zisanu ndi zitatu. Anne ali ndi zaka 27, sanakwatiwe, bambo ake alowa m'ngongole mpaka nyumba yawo yaikulu aika pa lendi. Olowa m'nyumbamo ndi mlongo wake wa Wentworth ndi mwamuna wake, ndipo Wentworth mwini wake wabwera ali kaputeni wa ndalama zake, mtima ukadali wowawa.

Tangoganizani kukhala pa phwando limodzi ndi munthu amene munamukana chifukwa anti anati alibe ntchito, iye akucheza ndi atsikana ena pamaso panu, inu mukumwetulira mwaulemu. Chimene ndimalikondera bukuli n'chakuti silimusandutsa Lady Russell mfiti. Mayiyo ankamukondadi Anne, ndipo mantha ake anali ndi maziko. Ambiri mwa ife tili ndi azakhali otere, amene anaonapo umphawi ndi maso awo ndipo safuna kuti ife tiulawe. Funso limene bukuli limakusiyira ndi loti, malangizo a munthu wokukonda ukawamvera n'kupwetekeka, mlandu ndi wa ndani? Chakumapeto kuli kalata ina yake. Sindikuuzani zimene zili m'menemo, koma mukafikapo musakhale pagulu.

Mukalimaliza, pitani pa Pride and Prejudice la mayi yemweyo, la mu 1813. Ambiri amalidziwa chifukwa cha Elizabeth Bennet ndi Mr Darcy, koma ine ndimati muyang'anitsitse ndalama. Banja la a Bennet lili ndi ana aakazi asanu, ndipo bambo akadzamwalira nyumba ndi malo zidzapita kwa wachibale wamwamuna, Mr Collins. N'chifukwa chake mayi awo sagona tulo pofunira anawo amuna. Elizabeth amakana Collins, amakananso Darcy ulendo woyamba ngakhale ndi wolemera koopsa. Mnzake Charlotte, wa zaka 27, amalola Collins yemweyo, osati chifukwa chomukonda koma pofuna denga. Ndili wamng'ono ndinkamunyoza Charlotte. Panopa, nditalawa kusaka ntchito, ndimamumvetsa ngakhale sindingatsate njira yake. Chingerezi cha Austen chimavuta m'mitu itatu kapena inayi yoyambirira, kenako khutu limazolowera. Chikakukanikani, yambani mwaonera filimu ya mu 2005 imene muli Keira Knightley, mubwerere ku buku mukudziwa kale kuti uyu ndani.

Ngati achibale alowa mpaka kuchipinda

Timati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma tonse tikudziwa kuti kwathu kuno wachitatuyo nthawi zambiri amakhala mayi ako kapena apongozi, ndipo sungawathamangitse. Mabuku atatu awa ndi a nkhani imeneyo. Ndikuchenjezeretu kuti si onse amene amathera pa ukwati ndi nthungululu.

Loyamba ndi His Only Wife la Peace Adzo Medie wa ku Ghana, la mu 2020. Afi ndi mtsikana wosoka zovala wa m'tauni ya Ho, amakhala ndi mayi ake amasiye m'nyumba imene anapatsidwa ndi mayi wina wolemera, amenenso ndi bwana wa mayi akewo. Mayi wolemerayo amasankha Afi kuti akwatiwe ndi mwana wake Eli. Pa tsiku la ukwati mkwati sabwera, amatumiza m'bale wake kuti amuimire. Afi amakamuika m'nyumba yokongola ku Accra, n'kumadikira mwamuna amene mtima wake uli kwa mkazi wina wa ku Liberia, amene abale ake samufuna. Ntchito imene Afi wapatsidwa ndi yoti amulande mwamunayo kwa mkazi winayo. Vuto n'lakuti Eli si chilombo. Ndi waulemu, wopatsa, wooneka bwino, ndipo Afi amayamba kumukondadi. Apa ndi pamene bukuli limaluma. Kukana munthu woipa n'kosavuta. Nanga munthu wabwino amene akukupatsa zonse kupatula mtima wake wonse, pamene mayi ako akudya chifukwa cha banja lakelo? Muli zoseketsa zambiri, makamaka bambo ake aakulu a Afi amene amangowerengera zimene apeze paukwatiwo. Aliyense ali naye wachibale wotere, tisanamizane.

Lachiwiri ndi Stay With Me la Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, la mu 2017. Yejide ndi Akin anakumana kuyunivesite ya Ife, anakwatirana mwa chikondi, ndipo anagwirizana kuti mitala ayi. Patapita zaka zinayi opanda mwana, achibale amafika pakhomo ndi mtsikana wina, Funmi, n'kumuuza Yejide kuti uyu ndi mkazi mnzako. Palibe amene akufunsa ngati vuto lingakhale kwa mwamuna. Nkhani amaifotokoza mosinthana, apa Yejide, apa Akin, ndiye umamva mbali zonse ziwiri n'kuona mmene anthu okondana angawonongerane chifukwa choopa kunena zoona. Muli imfa za ana ndi matenda a sickle cell, choncho ngati mwangotaya kumene mwana kapena pathupi, liyembekezeni kaye. Koma amene muli pa chibwenzi cholinga ku banja, muwerenge nonse awiri, kenako mufunsane funso limene ambiri timalizemba: mwana akapanda kubwera, tidzatani?

Lachitatu ndi lalifupi, masamba osafika 100, koma ndi lolemera. So Long a Letter analemba ndi Mariama Bâ wa ku Senegal m'Chifalansa, linatuluka mu 1979 ndipo linapata mphoto ya Noma mu 1980. Ndi kalata imene Ramatoulaye, mphunzitsi wa ku Dakar, akulembera mnzake wapamtima Aissatou ali pa nthawi yolira mwamuna wake, Modou. Atakhala m'banja zaka 25 n'kubereka ana 12, Modou anakwatira Binetou, mnzake wa mwana wawo wamkazi, n'kusiya kuponda pakhomo. Atamwalira, mkulu wake Tamsir amabwera kuti alowe chokolo. Mmene Ramatoulaye amamuyankhira, abale anga, ndinaimirira ndekha m'chipinda. Amadzakananso munthu wina wabwino, dokotala amene ankamufuna kuyambira pa utsikana, chifukwa mtima wake sunali pamenepo ndipo sanafune kuchitira mkazi mnzake zimene iye anachitiridwa. Ili mukamaliza muwapatse mayi anu. Anga atawerenga anakhala masiku awiri osalitchula, kenako anandiuza nkhani ya agogo imene ndinali ndisanaimvepo.

Za kwathu ndi za oyandikana nawo

Wina afunsa kuti, kodi Amalawi salemba za chikondi? Amalemba. Fufuzani Sugarcane with Salt la James Ng'ombe, la mu 1989. Khumbo Dala akubwerera kumudzi patapita zaka zisanu ndi zitatu akuphunzira udokotala ku England, kumene anapezako chibwenzi chachizungu, Sue. Akuyembekezera kupeza kwawo monga anakusiyira, koma apeza banja la makolo ake litapasuka ndipo anthu amene anawasiya anapitiriza moyo popanda iye. Mutu wa bukulo wanena kale zonse: nzimbe yothira mchere, kutsekemera ndi kuwawa pakamodzi. Ukoma wake ndi woti malo ndi anthu ake ndi athu, sukuchita kuyerekeza.

Makolo athu amene anakulira m'tauni m'zaka za m'ma 1980 amamukumbukira Aubrey Kalitera, amene ankasindikiza yekha mabuku ake ku Blantyre pa dzina la Power Pen Books. Mwa mabuku ake muli Why Father Why. Masiku ano ndi osowa, ndiye mukaliona limodzi pa mulu wa mabuku akale kapena m'katoni ya malume anu, musalisiye.

Pa ma Pacesetters aja, limene ndingakutumeni ndi Love on the Rocks la Andrew Sesinyi wa ku Botswana, la mu 1981. Pule ndi mnyamata wosauka wochokera kumudzi amene sukulu yamufikitsa m'tauni, Moradi ndi mwana wa banja lopeza bwino, ndipo makolo a mtsikanayo sakufuna n'kumva komwe. Chingerezi chake n'chosavuta, mutha kulimaliza Loweruka limodzi. Ngati simunamalizepo buku chichokereni kusukulu, yambirani pamenepa. Anyamata, ili ndi lanu kwambiri. Mukudziwa mmene zimakhalira kukaonekera kwa makolo a mtsikana amene kwawo kuli mpanda ndi geti, inu mutatsika kabaza chapatali kuti asakuoneni.

Ngati mukungofuna kuseka

Sikuti tsiku lililonse munthu afuna kulira. Yinka, Where Is Your Huzband? la Lizzie Damilola Blackburn, la mu 2022, ndi la ife amene pa ukwati uliwonse timafunsidwa kuti, "Nanga iwe tidzavina liti?" Yinka ali ndi zaka 31, anabadwira m'banja la ku Nigeria ku London, anaphunzira ku Oxford, koma kwa mayi ake ndi azakhali ake zonsezo n'zachabe poti alibe mwamuna. Amafika pomupempherera mokweza pagulu, pa phwando la mng'ono wake amene ndi woyembekezera. Ndiye amakonza pulani, yolemba bwinobwino ngati ya kuofesi, yoti apeze mwamuna wopita naye ku ukwati wa msuweni wake. Mudzaseka, koma mudzaonanso mmene munthu amayambira kudzisintha tsitsi, kalankhulidwe mpaka kudana ndi khungu lake lakuda pofuna kusankhidwa. Yinka ndi wopemphera ndipo anasankha kudikira mpaka ukwati, zimene sizipezekapezeka m'mabuku a chikondi a masiku ano.

Lina ndi Honey & Spice la Bolu Babalola, la mu 2022 lomweli. Kiki Banjo ali ndi pulogalamu pa wailesi ya ophunzira payunivesite ina ku England, pamene amachenjeza atsikana za anyamata achinyengo. Atangochenjeza za mnyamata watsopano, Malakai, zinthu zimatembenuka mpaka awiriwo amagwirizana kunamizira kuti ali pa chibwenzi, aliyense pofuna kupindulapo zake. Mathero mukuwadziwa kale, ndipo palibe vuto. Buku la mtundu uwu sitiwerengera kuti tidziwe ngati akwatirane, timawerengera kuti tione njira imene adutse. Chimene ndinalikondera ndi choti awiriwa amayamba akhala mabwenzi, amasekana, amamvetserana. Ndi lotentha pang'ono m'malo ena, ndiye si loti mubwereke mng'ono wanu wa Fomu 1.

Awa muwerenge mutatsegula maso

Pali mabuku awiri amene atsikana ambiri amawakonda, ndipo ine sindikuletsani, koma tikambirane kaye. Hlomu the Wife la Dudu Busani-Dube wa ku South Africa ndi limene linadzasanduka sewero la The Wife pa Showmax mu 2021. Hlomu ndi mtolankhani wachitsikana amene wangofika ku Johannesburg, ndipo amakumana ndi Mqhele Zulu, woyendetsa minibasi, mmodzi mwa anyamata asanu ndi atatu a bere limodzi amene ali ndi mbiri yamdima. Ukaliyamba sugona, izi ndiye n'zoona. Mqhele amakonda ngati moto. Koma Mqhele yemweyo amamumenya Hlomu. Ndinamvapo atsikana akuti, "Ine ndikufuna wanga Mqhele," ndipo thupi langa linachita tsembwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

It Ends with Us la Colleen Hoover wa ku America, la mu 2016, limalowa m'nkhani yomweyi mwadala. Lily anakula akuona bambo ake akumenya mayi ake, ndipo ankalumbira kuti iye sangapirire zotero. Kenako amakondana ndi Ryle, dokotala wa maopaleshoni a ubongo, wanzeru ndi wachikondi, mpaka tsiku limene amamukankha koyamba n'kupepesa ndi misozi. Wolembayo ananena yekha kuti nkhaniyi anaitenga pa moyo wa mayi ake. Bukuli limaonetsa bwino chifukwa chake kuchoka kumavuta: womenyayo si womenya tsiku lililonse, masiku ena ndi munthu yemwe uja unamukonda.

Werengani onse awiri, koma mukamawerenga muzidzifunsa kuti, akanakhala mng'ono wanga, ndikanamuuza chiyani? Mwamuna wofufuza foni yako, wokuletsa anzako, wokumenya n'kukugulira mphatso mawa lake, m'buku amaoneka wokoma chifukwa wolemba ndi amene akugwira chiwongolero. Pa moyo weniweni palibe wolemba woti akupulumutse pa tsamba lomaliza. Paja pa zilangizo timauzidwa kuti banja ndi kupirira. Kupirira umphawi, matenda ndi kusiyana maganizo, eya. Zibakera ayi. Ngati zimene mukuwerengazo zikufanana ndi za m'nyumba mwanu, uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo dziwani kuti kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza pa nkhani zoterezi.

Mungawapeze bwanji?

Mabuku a Jane Austen ndi aulere mwalamulo chifukwa ndi akale kwambiri. Lowani pa Project Gutenberg, lembani dzina la buku, mulitsitse pafoni. Buku lopanda zithunzi silidya bandulo, kavidiyo kamodzi ka pa TikTok kakhoza kudya kuposa pamenepo. Mukatsitsa, muthimitse data kuti mauthenga asakusokonezeni, apo ayi mudzapezeka muli pa status ya munthu amene mukufuna kumuiwala uja.

Akale a ku Africa kuno, monga So Long a Letter, Sugarcane with Salt ndi ma Pacesetters, kayambeni mwafunsa ku National Library, kenako kwa ogulitsa mabuku akale m'misika ndi m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Funsaninso aphunzitsi a Chingerezi amene mumadziwana nawo, ambiri amasunga chuma m'makatoni. Atsopanowa ndi odula, sindikubisirani. Ife tinapangana anthu asanu, aliyense amagula limodzi kapena kutuma wachibale wochokera ku Joni, kenako timasinthana ngati chipereganyu. Lamulo lathu ndi limodzi: milungu iwiri, ubweze, ndipo usaulule mathero. Ndikudziwa kuti ma PDF amazungulira m'magulu a WhatsApp. Ingokumbukirani kuti ambiri mwa olembawa ali moyo ndipo amadya pa ntchito imeneyi, makamaka athu a mu Africa muno amene tikufuna kuti alembenso ena.

Tibwerere kwa msuweni wanga. Pa mndandanda wonsewu anasankha His Only Wife, poti ndinali nalo m'nyumba. Anadzalitenga Lachisanu, maso atatupa. Lolemba m'mamawa ndinadzutsidwa ndi voice note.

"Asisi, ndamaliza. Koma zimene wachita Afi kumapetoku, ine sindikanatha. Ndikanangopirira."

Ndinamufunsa kuti, nanga panopa?

"Panopa kaya, asisi. Mundibwereke lina."

Sabata yathayi mnyamata uja anatumiza ankhoswe ake kwa malume kukanena kuti wamaliza kuganiza, chinkhoswe chikhoza kuchitika. Azakhali anasangalala, anayamba kale kuimbira anthu. Msuweni wanga anawapempha mwaulemu, atagwada, kuti ayambe adikira. Sanakane, sanalolenso. Anati akufuna akhale pansi ndi mnyamatayo awiriwiri, amuuze chimene chinamuthawitsa, chifukwa iye sangalowe m'banja ndi funso limenelo lili pakhosi. Azakhali sanakondwe, ndipo mbali ina ya mkwiyowo yagwera ine ndi mabuku angawa. Ndavomera.

Kaya zithera pa ukwati kaya ayi, zili kwa awiriwo. Panopa ali pa mutu wachisanu wa Persuasion, akudandaula kuti Chingerezi chake n'cholimba. Ndamuuza kuti alimbe mtima, kalata ija ikumudikira kutsogolo. Inunso sankhanipo limodzi sabata ino. Tikumanenso pa tsamba lino ulendo wamawa.